Diso Lakumanzere la Tochi

Tandiyankhani inu amene sukulu munaipita mpaka nsapato kutha: ndi dzira lanji losaikiridwa ndi nkhuku, lopanda chigoba, lowala pakati koma losaotcha, loti ukaliona lero ndiye kuti ukuona mmene linalili agogo a agogo ako asanalotedwe n'komwe? Mwagwa nayo? Musakande mutu, mungathothole tsitsi latsalalo. Dzina lake ndi mlalang'amba. Nanenso ndinachita kuuzidwa, poti ine sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo n'kubwerera.

Anandiuza ndi mwana wa mchimwene wanga, mtsikana amene pakhomo timamutcha Tochi. Ati mlalang'amba ndi chikhamu cha nyenyezi zounjikana pamodzi, kutali kosayerekezeka, moti makina aakulu oonera kuthambo akajambula, chikhamu chonsecho chimangooneka ngati dontho la mafuta pansalu yakuda. Milalang'amba ina ili ndi manja opota ngati madzi akamalowa m'sinki, koma imeneyo Tochi alibe nayo ntchito. Yake ndi yosalala, yonga mazira. Ntchito imene amadzukira m'mawa ndi kuyeza mazirawo: akuwala bwanji pakati, kuwalako kukuzilala bwanji popita m'mbali, nanga dziralo ndi lozungulira kapena lalitali. Lozungulira ngati mpira amalipatsa ziro. Lophwatalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha amalipatsa seveni. Ena onse amagwera pakatipo. Manambala amenewo ndiye ndimawadziwa, musandiderere.

Ndinkamuseka kuti, "Mwana iwe, anzako akuweta nkhuku zenizeni, iwe uli kalikiliki ndi mazira osakazingika."

Iye ankangoti, "Azakhali, anga saola."

Dzina loti Tochi anamupatsa ndi bambo ake. Mchimwene wangayo anali kalipentala, ndipo anachita khungu mwanayu ali wamng'ono. Zinayamba moseketsa. Tsiku lina anatenga hamala n'kuyamba kuwongola felemu ya chitseko imene inali yowongoka kale. Ati yapindika. Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako khoma linapindika, kenako nkhope zathu zinayamba kusowa pakati, amangoona makutu ndi tsitsi. Kuchipatala anapita mochedwa, ndipo dzina la nthendayo sitinalimve. Akafuna kutuluka ankaitana, "Tochi wanga ali kuti?" Kamwanako n'kubwera kudzawagwira chala. Atamwalira, mwanayo ndinamutenga ine, poti mayi ake anali atatsogola kale.

Tsono tsiku limenelo ndinali pa beseni ndikuchapa, foni inalira.

"Azakhali, bwerani kuntchito kwanga panopa. Amalume musawauze."

"Bwanji, dzira lina laswa anapiye?"

Sanaseke. Anangoti, "Bwerani," n'kudula. Mwana amene amaseka ngakhale nthabwala zanga zoola. Thovu la sopo ndinakapukutira m'basi.

Kuntchito kwawo ndi kunyumba yosanja, chipinda cha kumapeto kwa kakhonde kakatali. Makatani otseka masana dzuwa likuswa mtengo, kuzizira ngati m'firiji, matebulo atatu, lililonse ndi kompyuta yagalasi lalikulu. Anzake anali atapita kukadya. Ndinamupeza atakhala mowongoka, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira kujambulidwa.

"Khalani apa. Yang'anani, mundiuze zimene mukuona."

Pagalasipo panali chinthu chotuwa, chowala pakati, chozunguliridwa ndi mizere yobiriwira, wina mkati mwa unzake, ngati anyezi ukamudula pakati.

"Mizereyi imajambula ndi kompyuta," iye anatero. "Mzere uliwonse umatsata pamene kuwala kuli kofanana. Ine ndimayang'ana ndi maso ngati yajambula bwino. Mukuona chiyani?"

"Diso la nsomba yowiritsa."

"Azakhali, chonde."

"Chabwino, mama. Ndi chozungulira. Ziro ameneyu."

"Sichinabonyoke apa, chakumanzereku?"

Ndinayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. "Ayi. N'chozungulira ngati mwezi wathunthu."

Tochi anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana.

"Pantchito pano tili ndi lamulo. Ukaona chilema pachithunzi, uchitembenuze chithunzicho. Chilema chikatembenuka nacho limodzi, ndiye kuti ndi cha kumwamba komweko, kapena cha makina amene anajambula. Chikatsala pomwe chinali, ndi cha galasi la kompyuta yako. Ine lamulo limenelo ndinaliiwala, Azakhali. Masabata onsewa ndakhala ndikukana mizere yabwinobwino, kumati kompyuta ikunama. Mpaka ndinawalembera oyang'anira makina ojambulira kuti makina awo ali ndi vuto. Ayankha m'mawa uno. Akuti makina ali bwino, nditembenuze chithunzi."

"Ndiye watembenuza?"

Anagwira kambewa ka kompyuta kaja, chithunzi chinazungulira, mutu pansi miyendo m'mwamba.

"Chatsala pomwepo," iye anatero.

"Basi ndi galasi lakolo. Auze akugulire lina."

"Ndayesa kompyuta iyo. Ndayesa iyo. Ndasindikiza papepala." Anandionetsa pepalalo. "Paliponse chilipo, pamalo omwewo. Si cha kumwamba, si cha makina, si cha galasi. Chatsala n'chiyani, Azakhali?"

Ndinamuyang'ana m'maso.

Tochi ali ndi chizolowezi chake. Akamayang'anitsitsa mizere ija amatsinzina diso lakumanja ngati msilikali wolozetsa mfuti. Tsopano anaphimba lakumanzere ndi chikhatho. "Lozungulira," anatero. Anaphimba lakumanja. "Lobonyoka. Ndipo lathima, ngati wina wachepetsa nyale." Asanachotse dzanja, anatembenuka pampando wake wamatayala n'kuyang'ana kukhomo. Ine mumtima ndinkangoti, usanene, mwana wanga, usanene.

"Azakhali, felemu ya chitseko yapindika."

Ndinafunafuna nthabwala m'mutu monse, m'makona ndi kuseri kwa makabati, koma munalibe ngakhale ya dzana. Ndinangomugwira chala, monga momwe iye ankawagwirira bambo ake, ndipo nditazindikira zimene ndachita ndinachisiya msanga ngati chotentha.

Tinapita kuchipatala cha maso mawa lake. Anamudontheza mankhwala, timaso takuda tija tinakula mpaka nkhope yake kukhala ya munthu wina. Anamukhazika pamakina, chibwano pakathabwa, kuwala kukumulasa m'diso. Ine ndinali pabenchi kumbuyo, chikwama ndachikumbatira ngati chili ndi mwana. Dokotala, mayi wamfupi wosataya mawu, anatiitana kuti tione chithunzi cha mkati mwa diso. Panali mzere woyenera kugona chogona, koma pakati pake unatukuka ngati thuza la moto.

"Madzi alowa pansi pa kansalu kamene kamalandira kuwala," dokotala anatero. "N'chifukwa chake zowongoka zikupindika."

Tochi, ndi maso ake aakuluakuluwo, anasuzumira n'kufunsa, "Ndi lalikulu bwanji? M'litali ndi m'lifupi?"

Dokotala anamuyang'ana. Ine ndinati, "Muuzeni, adokotala, ndi ntchito yake. Akapanda kuyeza sagona." Palibe anaseka.

Ndinalimba mtima n'kufunsa za mchimwene wanga. Dokotala anamvetsera zonse, za hamala, za nkhope zosowa pakati.

"Nthawi zambiri madzi oterewa amauma okha pakapita miyezi," iye anatero. "Koma bambo akewo sindinawaone, ndiye sindingakulonjezeni kuti si nthenda imodzi. Apume. Asamadzipanikize. Aziyesa diso lililonse palokha. Thuzali likakula, kapena linalo likayamba, muthamange. Apo ayi, mubwere tsiku limene ndalembali, tidzaone."

Tidzaone! Mawu amenewo anthu owona amangowataya ngati makoko a nthochi.

Tochi anatseka chipinda chake cha lendi n'kubwerera kwathu. Apa ndiye ndikudziwitseni bambo akunyumba kwanga. Anthu amawatcha a Wezulo, poti unyamata wawo wonse anathera kuimbira mpira. Anapuma kalekale, koma pakamwa sipanapume. Titawafotokozera, anaika nyuzipepala pansi, imene amaigwira kuti anthu aziti akuwerenga.

"Ndinanena ine! Sindinanene, mayi? Kuyang'ana magalasi tsiku lonse kumapha maso. Taonani angawa." Anakoka chikope ndi chala kutionetsa kufiira kwa mkati. "Ine ndinkaona mpira wadutsa mzere ndili pakati pabwalo, kuli fumbi, dzuwa lili kumaso. Anthu masauzande kukuwa kuti ndalakwa, mawa lake onse kubwera kudzapepesa."

"Anabwera ndani? Ine ndimakumbukira amene anabwera ndi miyala."

"Nsanje. Tochi, mwana wanga, usadandaule. Zikavuta ntchito yakoyo ndizikugwirira ine. Tinthu tozungulira ndi timene ndakulira. Magalasi ine ndidzavala ndili m'bokosi."

Tochi anamwetulira kuwachitira ulemu. "Zikomo, amalume."

Masiku odikira aja sindiwafunira ngakhale mdani. Ndinasanduka kazitape m'nyumba yanga yomwe. Akamathira tiyi ndinkayang'ana ngati madzi akulowa m'kapu. Akamatola supuni ndinkayang'ana ngati waigwira kamodzi kapena wayamba wapapasa. Ndinkadutsa chakumanzere kwake mwakachetechete n'kutulutsa lilime, kuti ndione ngati andiona. Akati, "Azakhali, ukalamba wakulowani m'mutu?" mtima unkakhala pansi. Akapanda kunena kanthu, chakudya chinkandikanika.

M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la bafa, dzanja pa diso lakumanja, kuyang'ana mizere ya matailosi. Ndinkafunsa kuti zili bwanji. Yankho linali limodzi: "Chimodzimodzi." Kenako anasiya kuima pakhomopo. Ati kuyang'anako kukumudwalitsa mutu. Ine ndinadziwa kuti si mutu.

Tsiku lina ndinanyamuka kupita kumsika, nditafika pamsewu ndinakumbukira kuti ndaiwala jumbo. Ndinalowera khomo lakuseri. M'nyumba munali zii, a Wezulo atapita kukacheza. Ndinamva phazi likukhwekhwereza pansi. Nditasuzumira m'kakhonde, ndinaona Tochi atamanga mpango wanga kumaso konse, manja patsogolo, akuyenda chopapasa khoma. Anafika pachitseko cha chipinda chake, anasisita felemu kuchokera m'mwamba mpaka pansi, anapeza chogwirira. Anabwerera, anayambanso. Anagunda kampando ndi bondo, osalira, anangokasuntha n'kukakumbukira. Mwana anali akuphunzira khungu lisanafike.

Mayendedwe ake anali a bambo ake enieni, mutu chopendekera, chibwano m'mwamba. Ndinabwerera chambuyo, ndinatuluka, ndinakakhala kuseri kwa thanki ya madzi n'kulira chodzitseka pakamwa. Nditamaliza ndinalowera khomo lakumaso ndikuimba mokweza ngati woledzera, kuti apeze mpata wovula mpangowo.

"Mwagula chiyani, Azakhali?"

"Palibe. Zonse zinali zopindika, ndazisiya."

Mawuwo anangopulumuka okha. Ndinafuna kudziluma lilime. Koma iye anandiyang'ana, maso anga ofiirawo anawaona, ndipo anati, "Azakhali inu, pakamwa panu padzakuphetsani." Tinaseka pang'ono, kuseka kopanda mchere.

Litayandikira tsiku lobwerera kwa dokotala, Tochi anati, "Sindikufuna kukamva kwa munthu. Ndiyambe ndadziwa ndekha."

Anapempha mnzake wakuntchito kuti amutumizire zithunzi za milalang'amba imene iye sanaionepo, yoyezedwa kale, nambala yake ili pakona yapansi. Masana amenewo tinatseka makatani a pabalaza. Anaika kompyuta yake yam'manja patebulo lodyera. Ine anandipatsa ntchito ziwiri: kuphimba nambala ndi kachikatoni ka bokosi la machesi, ndi kudina batani losinthira chithunzi. Diso lakumanja tinalimanga ndi mpango. Linatsala lodwalalo.

"Ndikanena nambala, muchotse kachikatoniko. Musandinamize, Azakhali. Mukandimvera chisoni mwandipha."

A Wezulo anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwathu. "Mpikisano wopanda woimbira sukhala mpikisano. Yambani."

"Inu, khalani chete lero lokha."

"Ndili chete."

Ndinadina. Panabwera dzira lalitali, lopendekera, lotuwa m'mbali. Tochi analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkamva wotchi yapakhoma, ndinkamva mimba ya a Wezulo.

"Faifi."

Chala changa chinakana kusuntha. Ndinachikakamiza. Faifi.

Palibe anapuma. Ndinadinanso. "Thuu," iye anatero. Pansi pa kachikatoni panali fili.

"Walakwa!" a Wezulo anakuwa.

"Kusiyana ndi imodzi si kanthu, amalume, ngakhale maso abwino amatero. Pitirizani, Azakhali." Koma dzanja lake linagwira m'mphepete mwa tebulo.

China anakhoza. China anakhoza. Anati kubonyoka kuja kulipobe, koma kwachepa, kuli ngati mpweya wa pakamwa pagalasi. A Wezulo nawo mpando unayamba kuwatentha, poti mwana akukhoza popanda thandizo lawo.

"Zosavuta izi," iwo anatero. "Ine ndi diso limodzi lomwelo, ndili kutali kuno, ndikhoza kumuposa." Anadziphimba diso ndi chikhatho n'kutambasula khosi.

Ndinadina. Chithunzi ichi chinali chakuda bii, pakati pokha pali kadzira kakang'ono kowala kwambiri. Zozungulira ndi zimene Tochi ankaziopa, poti ndi pamene chilema sichibisala. Anayandikira, anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu.

"Ziro," ananong'ona. "Ndi wozungulira, Azakhali. Ndikumuona yense."

Ndisanachotse kachikatoni, a Wezulo anamenya tebulo.

"Imani! Wayankha theka. Nanga winayo?"

Tochi anauma. "Wina uti, amalume?"

"Winayo! Ali pambali pakepo, wakhudzana naye. Awiri, owala mofanana, ngati nyale za galimoto. Iwe ukuona mmodzi?"

Sindidzaiwala nkhope ya mwana uja. Milomo inatuwa ngati phulusa. Anayang'ana pagalasi, anasuntha diso uku ndi uku kufunafuna, ngati munthu wofuna mwana wotayika pagulu.

"Azakhali," anatero ndi mawu aang'ono, a kamtsikana kaja kogwira chala, "pali malo amene sindikuona. Zayamba ngati za ababa. Mlalang'amba wathunthu wasowa ine osadziwa."

Ine ndinali ndisanayang'ane chithunzicho bwinobwino, maso anga anali pa iye. Ndinaopa kuyang'ana. Ndinati ndikaona awiri, basi, nyumba ino yagwa. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse, la mawu amodzi, kenako ndinatembenuka.

Kamodzi.

Ndinatikita maso. Kamodzi. Ndinayandikira, ndinapukuta galasi ndi nsonga ya bulauzi. Kadzira kamodzi, kokhakokha ngati mwana wamasiye.

"Tochi, masula mpangowo."

"Ndikuopa."

"Masula, ndati!"

Anamasula. Anayang'ana ndi diso labwino. Anayang'ana ndi onse awiri. Anatembenuza chithunzi mutu pansi, anachikulitsa mpaka kudzaza galasi. Ine ndinachotsa kachikatoni: ziro, nambala imodzi, ya dzira limodzi. Tochi anatulutsa mpweya umene ndikuganiza anausunga kuyambira tsiku la ku ofesi lija, n'kugwetsa mutu paphewa langa. Bulauzi inanyowa.

Kenako tonse awiri tinatembenuka pang'onopang'ono.

A Wezulo anali chikhalire, chikhatho chili pa diso, khosi lili tambasu.

"Amalume," Tochi anatero akupukuta mphuno, "tanenaninso. Ndi angati?"

"Awiri. Kapena... mwasintha chithunzi inu."

"Sitinasinthe. Taphimbani diso linalo."

Anasintha dzanja monyinyirika. Anaphethira.

"Apa ndiye mwachepetsa kuwala."

"Sitinakhudze kanthu. Mukuona chiyani?"

"Chifunga pang'ono. Ndi makataniwa. Nyumba ino mwaidetsa dala."

Tochi anadzuka, anatsegula katani, anawagwira chibwano n'kuwazungulitsira kuwindo monga anachitira dokotala uja. Anasuzumira. "Azakhali, tabwerani muone. Ng'ala. Uku yayamba, uku yakhwima."

Ndinasuzumira nanenso. Timaso tija tonyadiwa tinali ngati madzi otsukira mpunga.

"Zayamba liti izi, akuluakulu?"

"Palibe chayamba."

"Zayamba liti?"

Anayang'ana pansi, anakanda bondo. "Chaka chatha. Koma pa zowala zokha. Ndimadziwa kusankha chenichenicho. Kungoti izi zakumwambazi sindinazizolowere."

Tochi ndiye anayamba. Kunali kufwenthera, kenako kunaphulika, kuseka ndi kulira pamodzi, mpaka anakhala pansi pa simenti atagwira m'mimba. "Amalume, mukanandipha! Mawa tipitira limodzi kwa dokotala, ng'ala amachotsa. Muvale malaya abwino."

"Ine sindipita. Maso anga ali..."

Ndinakaima pawindo, dzuwa lili kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Tandiyang'anani, bambo. Pano ndikuwala. Tili angati?"

Anandiyang'ana, anayang'ana pambali panga pang'ono, anabwereranso kwa ine.

"Ooh! Ndiye chaka chonsechi muli pamitala osandiuza? Chabwino, nsanje ndilibe. Koma mkazi mnzangayo mumuuze kuti mbale zili m'sinki, lero ndi tsiku lake."

Tochi anagubuduka pansi, miyendo m'mwamba. Mayi woyandikana nafe anagogoda pawindo kufunsa ngati kwagwa maliro kapena ukwati. A Wezulo anatola nyuzipepala yawo mwaulemu wonse, anaitambasula kumaso, n'kubisala kuseri kwake.